Njerwa za Ana ndi Akuru Ozinyoza

Pali mau amene tawamva kawiri kawiri masiku ano, pa makonde ndi pa misonkhano ya makolo, ndipo sitingathenso kukhala cete. Mwana abwera kwao madzulo, nauza atate ace mokondwa kuti lero wamanga masewera pa kompyuta ya kusukulu, a mphaka wopirikitsa mbewa. Atate akwinya nkhope, nati, "Kodi ndigulitsira fodya wanga zimenezo? Masewera ali pa bwalo apo, aulere." M'mawa mwace mwana auzidwa kuti aleke zacibwana, aphunzire kutaipa makalata monga acita a mu ofesi, kapena atenge khasu apite kudimba. Ife tinena poyera kuti atate otere alakwa, ngakhale mtima wao ufunira mwana zabwino. Ndipo pali enanso olakwa koposa iwo, ndiwo anthu ena ophunzira ndi aphunzitsi ena; kwa amenewo tifika m'tsogolomu.

Tiyambe tafotokoza cinthuco, popeza ambiri a inu, abale ndi alongo, simunacione ndi maso. Kompyuta iribe nzeru zobadwa nazo. Icita cokhaco cimene munthu wailamula, ndipo mndandanda wa malamulowo uchedwa pulogalamu. Amisiri a nchitoyi alemba mapulogalamu m'zinenero za makina, monga Python ndi C, ndipo zinenero zimenezi ziribe cifundo konse: ukaiwala kacizindikiro kamodzi, kapena ukaika lemba lalikuru pofunika laling'ono, makina akana nchito yonse, nakudzudzula m'Cingerezi cobvuta. Mwana wa zaka 9, amene zala zace sizinazolowere mabatani, atha ola lathunthu alikufunafuna lemba limodzi losokera, nacoka wogwa mphwayi, osatengapo kanthu koma mantha okha.

Bvuto limeneli analiona anthu a pa sukulu yaikuru ya MIT, ku Cambridge m'cigawo ca Massachusetts, ku America. Motsogozedwa ndi Mitchel Resnick, iwo anatulutsa m'caka ca 2007 cipangizo cochedwa Scratch, cokonzera ana a zaka 8 kufikira 16. Ndipo sacigulitsa, ali yense acitenga caulere. M'menemo mwana salemba malamulo. Malamulo aoneka pa galasi la kompyuta monga tinjerwa ta maonekedwe osiyanasiyana, kali konse ndi mau ace. Kena kati, yenda mapazi 10. Kena kati, tembenuka. Kena kati, bwereza. Kena kati, ngati cakuti cacitika, cita cakuti. Mwana akoka kanjerwa, nakalumikiza pansi pa kanzace, monga mmisiri asanja njerwa pa cipupa. Ndipo nzeru yaikuru iri m'maumbidwe a tinjerwato. Kanjerwa ka kubwereza kali ndi kamwa, kameza tinzace tonse toyenera kubwerezedwa. Malo a funso ali ndi nsonga uku ndi uku, ndipo palowa kanjerwa ka funso kokha, monga khasu lilowa pa mpini wace. Cotero kulakwitsa kalembedwe kulibe. Kwatsala kulakwitsa kwa maganizo kokha, ndiko kumene munthu aphunzira nako. Pambali pali bwalo laling'ono pamene paima kamphaka. Mwana akakhudza mbendera yobiriwira, kamphaka kacita zonse monga mwa dongosolo la njerwazo, osaonjeza, osacotsa.

"Nanga si masewerawo?" atero atate aja. Inde, ndi masewera. Koma tiyeni tilowe m'kati mwa amodzi, ang'ono ndithu, ndipo muweruze nokha ngati ali acibwana. Lalanje ligwa kucokera kumwamba. Pansi pali dengu, limene wosewera aliyendetsa kumanja ndi kumanzere kuti awakhe lalanjelo, ndipo akaliwakha ciwerengero cace cikwera. Ndi zokhazo. Koma kuti mwana amange izi ayenera kudziwa bwalo lace: kupingasa kwace mapazi 480, msinkhu wace 360, ndipo pakati peni peni ndi pa 0. Kumanja manambala akwera kufikira 240, kumanzere atsika pansi pa 0 kufikira -240. Kumwamba alekeza pa 180, pansi alekeza pa -180. Pofuna kuti dengu lipite kumanja, mwana aonjeza 10 pa nambala ya malo ace. Pofuna kumanzere aonjeza -10. Taonani, manambala a pansi pa 0, amene aliza anyamata a ndebvu pa bolodi la ku sekondale, mwana uyu awagwira ndi dzanja. Pakuti akawasokoneza, dengu lace lithawira kumene iye safuna, ndipo aona comweco ndi maso ace, popanda womkwapula.

Lalanje aliika pa 180, nalilamula kuti litsike ndi mapazi 5, ndi 5 enanso, kubwereza cotero kufikira lafika pansi. Posacedwa aona kuti lalanje likamagwera malo amodzi masewera sakoma. Cifukwa cace atenga kanjerwa kosankha nambala mwa mwai, pakati pa -240 ndi 240, kuti wosewera asadziwe kumene lidzagwera. Pambuyo pace aika funso: ngati lalanje lakhudza dengu, ciwerengero cikwere ndi 1. Ndipo ciwerengeroco ayenera kucimangira kankhokwe kace, nakapatsa dzina, momwe nambala isinthasintha koma dzina likhala lomwelo. Ndico cimene a masamu a algebra acita poimika lemba m'malo mwa nambala. Werengani tsono zimene mwana wagwira m'kanthu kakang'ono aka: kusanja malamulo motsatana, kubwereza, kufunsa funso ndi kusankha njira, kusunga nambala m'nkhokwe. Zinai zimenezi ndizo nsanamira za mapulogalamu ang'ono ndi akuru omwe. Pulogalamu imene itumiza ndalama zanu pa foni kwa mwana wanu ali ku tauni iima pa nsanamira zomwezi: ngati ndalama zosungidwa zikwanira, tumiza, nucotse pa nkhokwe, ngati sizikwanira, kana.

Koma cimene ife ticiyesa ca mtengo woposa sitinacichule. Tsiku lina tinakhala kumbuyo kwa msungwana wa zaka ngati 11, alikumanga masewera omwewa. Anakhudza mbendera, lalanje linagwa, analiwakha kamodzi, ndipo ciwerengero cinalumpha kucokera pa 0 kufikira 12. Anzace anafa nalo phwete. Iye anati, "Aphunzitsi, makinawa apenga." Mphunzitsi, munthu wanzeru, sanakhudze kanjerwa ndi kamodzi komwe. Anangofunsa kuti, "Mwanawe, lalanje likakhudza dengu, waliuza kuti lipite kuti?" Msungwanayo anakhala cete nthawi. Anacepetsa liwiro la lalanje kuti aone bwino, ndipo ciwerengero cinalumpha koposa kale. Pamenepo maso ace anatseguka: lalanje silinali kuleka kutsika litakhudza dengu, koma linali kupyola pakati pace, ndipo popeza makina abwereza funso lija pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi, nthawi zonse anali kupeza lalanje likali kukhudza, naonjeza 1, naonjezanso. Makina sanapenge, anamvera. Anaika kanjerwa kamodzi kobweza lalanje kumwamba likangowakhidwa, ndipo bvuto linatha. Patapita kanthawi anapeza lina, lakuti poyamba masewera atsopano ciwerengero cinali kuyambira pamene analekeza wosewera woyamba. Ulendo uwu sanaitane mphunzitsi. Tinamumva alikunena yekha pansi pansi, "Sindinauze nkhokwe kuti ibwerere pa 0," nakonza.

Lingalirani bwino cimene cinacitika apa. M'masukulu ambiri kulakwa ndi cinthu ca manyazi: inki yofiira, kuseka kwa anzako, nthawi zina ndodo. Cifukwa cace ana aphunzira kubisa kulakwa kwao ndi kuopa kuyesa. Apa kulakwa kunasanduka nyama yoisaka. Msungwanayo anakutsata monga mnyamata wokumba mbewa atsata una, osaleka pamene wakhota, kufikira wafika pa funkha. Anaphunzira kuleka kuloza makina cala, nayamba kudzifunsa yekha kuti, Kodi ndalamula ciani? Tiuzeni, inu atate, ngati luso limeneli liri lacabe kwa mlimi amene cimanga cace cacita cikasu, kapena kwa namwino, kapena kwa wokonza njinga. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo kudekha kumeneku mwanayo anakuphunzira alikukondwa.

Tidabwanso kuti makolo aiwala ubwana wao msanga cotere. Amai, kodi kuphika munaphunzira kuti? Si ku masanje kodi, m'mapesi atakolola, ndi kamphika kang'ono ndi ufa wopempha? Nsima yoyamba inali yosapsa, koma palibe anati mwataya nthawi. Atate, simunaumbe ng'ombe zadothi ku dambo, ndi kupinda mawaya kufikira galimoto yanu inayenda, ndi ciongolero cace comwe? Tonse tidziwa kusiyana kwa mnyamata wogulidwira kagalimoto ka m'sitolo ndi mnyamata wopinda yekha mawaya. Woyamba kakathyoka alira. Waciwiri akhala pansi nakonza. Mwana womanga masewera ndi njerwa za Scratch ali mbale wace wa waciwiriyo.

Tsopano tifika kwa ophunzira. Pali anyamata ena otsiriza makoleji amene anyoza modzikuza, nati, "Iyo si pulogalamu yeni yeni, mpatseni mwana Python ngati mufuna adzakhale munthu." Awa tiwafunsa: kodi umisiri uli m'kalembedwe ka zizindikiro, kapena m'kulingalira? Sukulu yaikuru ya Harvard, imene palibe angaiyese sukulu ya mkaka, iri ndi phunziro loyamba la makompyuta lochuka m'maiko ambiri, dzina lace CS50. Ndipo kwa zaka zambiri David Malan wakhala akuyamba phunzirolo ndi Scratch, ophunzira ace ali akuru akuru, asanawalowetse m'cinenero ca C. Ku England, kuyambira September 2014, dongosolo la maphunziro a boma linalamula kuti ana ayambe kumanga mapulogalamu ang'ono ndi kuwakonza ali ndi zaka 5. Ndipo ana otere sayamba ndi C.

Ndiponso maganizo awa si a dzulo. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria ku South Africa m'caka ca 1928, katswiri wa masamu amene anagwira nchito ku Geneva ndi Jean Piaget pofufuza umo ana aganizira, anapanga pamodzi ndi Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon cinenero ca ana cochedwa Logo, m'caka ca 1967. Posacedwa anapatsa ana kamba woti amlamule: kacipangizo koyenda pansi ndi colembera pa mimba, ndiponso kamba wa pa galasi. Mwana akati, pita mapazi 100, tembenukira kumanja madigiri 90, nabwereza kanai, kamba ajambula cithunzi ca mbali zinai zofanana. Mwana akafuna cozungulira nasowa njira, Papert sanali kumuuza yankho. Anali kumuuza kuti aimirire, ayende yekha mozungulira, naone cimene miyendo yace icita: pang'ono kutsogolo, pang'ono kukhota, kawiri kawiri. Ndiye mwana alamula, phazi 1, digiri 1, bwereza ka 360. Ndipo cozungulira cioneka. Mlandu wa Papert, umene anaulemba m'buku lace la 1980, unali wakuti masukulu afuna kuika makina akhale olamula mwana, pamene kuyenera kuti mwana akhale wolamula makina. Iye anamwalira m'caka ca 2016. Resnick anali wophunzira wace, ndipo kamphaka ka Scratch ndi mdzukulu wa kamba uja.

Tibvomera kuti njerwa ziri ndi malire ace. Pulogalamu yaitali ya njerwa itopetsa kuisanja, ndipo wofuna kudya nayo nchitoyi adzayenera kusamukira ku zinenero zolemba. Koma adzasamuka atasenza nsanamira zinai zija, nangophunzira kalembedwe katsopano. Ena ati, masiku ano kuli makina olemba okha mapulogalamu ukawapempha ndi mau, monga ChatGPT imene inatuluka m'caka ca 2022. Nanga mwana abvutikiranji? Makina amenewo alakwitsa naonso, ndipo alakwitsa molimba mtima. Adzaona ndani kuti ciwerengero calumpha kufikira 12, ngati palibe anaphunzira kufunsa funso la msungwana uja?

Pali mantha amodzi a makolo amene sitiwanyoza, pakuti ali ndi maziko. Taona anyamata atakhala pa khonde la sitolo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa lapendeka, maso ali pa foni, cala cirikugwedezeka. Ndipo taona ena atatha ndalama za fetereza pa njuga za pa foni. Kholo likamva liu lakuti masewera, liganiza za amenewo. Koma kusewera masewera a mwini ndi kumanga ako ndi zinthu ziwiri, monga kukwera ngolo kusiyana ndi kuikhoma. Mwana amene anaika yekha kanjerwa kosankha mwa mwai adziwa cinsinsi cimene wochova njuga saciganizira: kuti mwai wa m'makina uli ndi mwini wace, amene anauikira malire. Adziwa kuti akafuna wosewera apambane kamodzi pa maulendo 10, asankhitsa makina nambala pakati pa 1 ndi 10. Akafuna kamodzi pa maulendo 100, asintha nambala imodzi yokha, ndipo wosewera sadziwa kanthu. Adziwanso kuti kanjerwako sikakumbukira za kale, kotero kuti wotaya ndalama kasanu alibe ngongole imene makina adzambwezera ulendo wacisanu ndi cimodzi. Sitinena kuti ici ndi mankhwala ocotsa njuga m'mudzi. Tinena kuti wodziwa umo msampha aucherera sathamangira nyambo monga wosadziwa.

"Nanga magetsi? Nanga mtengo wa makina?" Funso ili nloona, ndipo sitinena kuti munthu agulitse mbuzi zace, kapena aleke kugula mbeu, kuti agule kompyuta. Mau athu ali kwa iwo amene mwai wafika kale pa sukulu pao, kapena kwa mbale wa ku tauni, ndipo aukana. Scratch ikalowetsedwa m'makina kamodzi igwira nchito popanda intaneti. Kompyuta imodzi ikwanira ana atatu kapena anai, wina alikukoka njerwa, ena alikulangiza ndi kutsutsa. Mutu umodzi susenza denga. Mau a pa njerwa anamasuliridwa m'zinenero zoposa 70, pakati pao Ciswahili ndi Cizulu. Ndipo ngakhale popanda makina konse ciyambi cace citheka. Tim Bell ndi anzace ku New Zealand anasonkhanitsa masewera ambiri ophunzitsira nzeru za makompyuta popanda magetsi. Lembani mizere pa dothi. Mwana mmodzi akhale kamphaka komvera zokhazo zolembedwa, anzace alembe pa pepala malamulo omfikitsa pa mwala. Akagunda mtengo, afunefune lamulo lolakwa.

Tatsala ndi olakwa koposa onse, ndipo tinena nao mosabisa. Ndiwo aphunzitsi amene atenga cinthu camoyo ici nacisandutsa coloweza. Tinaona pa sukulu ina mphunzitsi atajambula njerwa zonse pa bolodi, ana 40 alikukopera m'makope. Ndipo pofika pa makina ali yense anasanja zomwezo, namanga masewera amodzi omwewo, mphaka yemweyo, mbewa yomweyo. Mwana wina anasintha 10 kukhala 50 kuti aone cimene cidzacitika, nadzudzulidwa kuti waononga nchito. Pa mayeso anafunsidwa kuti achule maonekedwe a njerwa za kuyenda, ndi caka cimene Scratch inatuluka. Abale, uku ndi kupatsa mwana khasu ndi kumuuza kuti aloweze dzina la wosula. Wosintha 10 kukhala 50 uja ndiye yekha anali kuphunzira m'cipinda monsemo. Pamene pali kaphunzitsidwe kotere, atate aja onena kuti ndalama zao zitayika anena zoona, ndipo ife tiri mbali yao.

Cifukwa cace tipempha makolo kuti asaletse, ndiponso asangokhulupirira lipoti la kusukulu, apite akaone. Sikufunika kudziwa Cingerezi kapena makina. Khalani pambali pa mwana, aonetse masewera ace, ndipo akatero mumpatse nchito: "Ndifuna lalanje ligwe msanga koposa apa. Ndifuna m'malo mwa lalanje pagwe dzira, ndipo likaphonya dengu ciwerengero citsike. Ndifuna pamveke mau ako akuti, Lasweka!" Scratch ilola mwana kujambula zithunzi zace ndi mau ace omwe, kotero kuti palibe cifukwa cakuti mwana wa kuno azingoyendetsa mphaka wa ku Massachusetts pamene nkhuku, ngolo ndi bwato ziri m'maso mwace. Akatambasula dzanja nafika pa kanjerwa koyenera, ngakhale atayamba waphonya kawiri, mlekeni apitirire, ndipo kudimba apite Loweruka. Akangoti kakasi, nati, "Izo sanatilembere pa bolodi," musamkalipire mwanayo. Nyamukani mukaonane ndi mphunzitsi wamkuru, ndipo nkhaniyo muitengere ku msonkhano wa makolo wotsatira.